Kukagona m'tenti ku Kananaskis: mmene mungakonzere ulendo woyamba

Ku Alberta, chigawo cha dziko la Canada, nyengo yotentha siichedwa kutha. Chipale chikangosungunuka mu Meyi, anthu a ku Calgary amayamba kupakira matenti m'galimoto, ndipo Lachisanu masana msewu wopita kumapiri umakhala thithithi. Ife amene tinakulira kumene kugona kuthengo ndi nkhani ya alenje kapena anthu othawa madzi osefukira timayamba tadabwa kaye: munthu ali ndi nyumba yofunda, alipire ndalama kuti akagone pansi? Koma ana akayamba kukakamira chifukwa anzawo akusukulu amapita chaka ndi chaka, tsiku lina mudzavomera ndithu. Malangizowa ndi a ulendo woyambawo. Ndatenga chigwa cha mtsinje wa Elbow ngati chitsanzo chifukwa ndi pafupi ndi Calgary ndipo msewu wake ndi watara mpaka kukafika.

Dziwani kaye mwini malo

Mapiri ndi amodzimodzi koma eni ake ndi osiyana. Banff ndi Jasper zili m'manja mwa Parks Canada, ndipo zili ndi chiphaso chake komanso tsamba lake losungitsira malo. Kananaskis ndi ya boma la chigawo cha Alberta. Inakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Peter Lougheed akutsogolera chigawochi, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 4,000. Mkati mwakemo muli mapaki angapo ndi timalo ting'onoting'ono tambiri totchedwa Provincial Recreation Area, timene nthawi zambiri amangolemba kuti PRA. Timaloti anatipatula kuti anthu azikacheza: kampu, poimika galimoto, poyambira tinjira ta m'mapiri, mwina ndi dziwe. Choncho chiphaso cha ku Banff chimene munagula alendo atabwera, kuno chilibe ntchito.

Mukadutsa Bragg Creek n'kulowa mu Highway 66 mupeza timalo totere titandandalikana: Gooseberry, McLean Creek, Paddy's Flat, mathithi a Elbow Falls, ndipo kumapeto kwenikweni kwa msewu kuli Little Elbow, pafupi ndi dziwe la Forgetmenot. McLean Creek ili ndi malo ena okhala ndi magetsi, koma yayandikana ndi dera limene anthu amathamangitsirako njinga zamoto ndi tigalimoto ta m'matope, ndiye wofuna bata aganize kawiri. Little Elbow ilibe magetsi, zimbudzi zake n'zokumba, koma mapiri amakhala pamphuno penipeni. Kwa ine ndi kumene kuli kokoma. Dziwani kuti chigawo cha msewuwu kupitirira Elbow Falls amachitseka kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 14 Meyi, kotero ku Little Elbow simungafike ndi galimoto nthawi imeneyo isanathe.

A ku Edmonton, simukuyenera kutsika mpaka kuno. Cha ku Nordegg, mu Highway 11, kuli Fish Lake ndi Crescent Falls, ndipo zambiri mwa zimene ndikunenazi zikugwiranso ntchito kumeneko.

Sankhani tsiku, kenako werengani chobwerera masiku 90

Apa ndi pamene maulendo ambiri amafera asanayambe. Alberta Parks imatsegula malo ogona masiku 90 tsiku lofika lisanakwane, 9 koloko m'mawa, pa tsamba lawo la pa intaneti. Ngati mukufuna kukafika pa 10 Julayi, tsiku lanu losungitsa malo ndi 11 Epulo. Ngati ndi pa Canada Day, 1 Julayi, ndiye pa 2 Epulo, kunja kukadali chipale. Malo a Lachisanu ndi Loweruka m'makampu otchuka amatha m'mawa womwewo. Tsegulani akaunti yanu dzulo lake, sankhiranitu malo atatu kapena anayi amene mungakonde, khadi lakubanki likhale pafupi, ndipo nthawi ikakwana musayambe kuimbira foni akunyumba kufunsa maganizo.

Ulendo woyamba upewe mapeto a sabata aatali aja: Victoria Day mu Meyi, Canada Day, Lolemba loyamba la Ogasiti ndi Labour Day mu Seputembala. Anthu amachuluka, ndipo kumapiri mu Meyi chipale chimatha kugwa. Juni ndiye mwezi wa mvula. Madzi osefukira a mu Juni 2013, amene anawononga Bragg Creek ndi High River, anagumulanso malo ambiri ochezera m'chigwa cha Elbow chomwechi. Nthawi yabwino kwa woyamba ndi pakati pa Julayi mpaka pakati pa Ogasiti. Amene amagwira ntchito ya mashifiti ali ndi mwayi, chifukwa Lamulungu mpaka Lachinayi malo savuta kwenikweni. Masiku awiri ogona ndi okwanira. Tsiku limodzi mumangotopa ndi kumanga ndi kumasula.

Mukalephera, musataye mtima. Anthu amabweza malo tsiku likamayandikira, ndiye muzisuzumira patsambalo kawirikawiri. Palinso makampu ena oti wofika msanga ndiye mwini malo: mumasankha pamene palibe munthu, n'kulemba kafomu pakhomo ndi kulipira pompo. Kumeneko nyamulani ndalama m'manja, ndipo musayembekeze kupeza malo Lachisanu madzulo.

Nkhani ina imene imatikhudza ife amene timakonda kuyenda chigulu: malo amodzi amalola anthu osapitirira 6, pokhapokha ngati onsewo ali a banja limodzi, makolo ndi ana awo. Achimwene ndi banja lawo, alamu ndi anzanu akutchalitchi asungitse malo awo oyandikana ndi anu. Ngati ndinu gulu lalikulu, pali malo a magulu amene amatsegulidwa masiku 180 nthawi isanafike.

Posankha malo enieniwo yang'anani mapu ndi zithunzi. Pafupi ndi chimbudzi n'pabwino kwa ana usiku, koma osati moyang'anizana nacho, chifukwa chitseko chimamenyeka usiku wonse ndipo kukatentha fungo limafika.

Chiphaso cha galimoto

Kulipira malo ogona sikukumasulani ku Kananaskis Conservation Pass. Chiyambire pa 1 Juni 2021, galimoto yoimikidwa pafupifupi paliponse ku Kananaskis imayenera kukhala nacho. Pamene chinkayamba chinali $15 patsiku kapena $90 pachaka. Palibe pepala lomata pagalasi. Mumalembetsa nambala ya galimoto pa intaneti ndipo oyang'anira amayendera manambalawo. Gulani muli kunyumba, chifukwa mukapitirira Bragg Creek netiweki imayamba kudukaduka. Ngati mukagona masiku atatu n'kudzabweranso kudzagona motero kawiri kapena katatu chilimwe chomwecho, cha pachaka ndiye chotchipa.

Katundu: ganizani za usiku, osati za masana

Masana mu Julayi kumatentha bwino, ana amathamanga ndi makabudula, ndipo chakumapeto kwa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Zimenezi zimanyenga. Dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri kuzizira kumatsika msangamsanga, ndipo mbandakucha kumatha kufika pafupi ndi madigiri 0. Amene anagonapo ku Dedza mu Juni asadzitame, uku n'kwina.

Musathamangire kugula zonse. Bwerekani kwa anzanu akuntchito, kapena kabwerekeni molipira ku Outdoor Centre ya University of Calgary, imene imabwereketsa matenti ndi zogonera kwa aliyense. Mukaona kuti banja lakonda, mudzagula ku Canadian Tire kapena ku MEC chaka chamawa.

Tenti ikhale yokulirapo kuposa chiwerengero chanu: yolembedwa kuti ndi ya anthu 4 imakwana bwino anthu atatu ndi zikwama zawo. Ikhale ndi chophimba cha mvula chofika m'munsi. Imangeni kaye pakhomo kapena pabalaza musananyamuke, muwerenge mitengo yake ndi zikhomo. Pansi m'makampu ambiri ndi pamiyala yaing'onoing'ono yotsendereka, ndiye hamala ndi yofunika. Onjezani lona ndi zingwe kuti muphimbe tebulo, pakuti mvula ya mabingu ndi matalala zimabwera mwadzidzidzi chakumadzulo.

Chimene chimaziziritsa munthu kwambiri ndi nthaka, osati mphepo. Matilesi opopa aja, akuluakulu, amaoneka ngati ufumu koma mpweya wa mkati mwake umazizira usiku n'kumakuyamwani kutentha. Yalani bulangete lochindikala pamwamba pake, kapena gonerani kamatilesi ka siponji kopangidwira kumisasa. Sleeping bag, thumba lofunda logonamo lija, ikhale yolembedwa madigiri 0 kapena kutsika apo. Zotchipa zolembedwa 10 n'zogonera m'nyumba. Aliyense akhale ndi chipewa chaubweya, masokosi ouma ogonera okha, ndi juzi. Jinzi ikanyowa siiuma, ndiye ana atengereni mathalauza ena opepuka.

Ndipo ndinene mosapsatira: mbaula, sitovu ya gasi kapena makala onyeka zisalowe m'tenti ngakhale kuzizire chotani. Mpweya woipa wochokera ku makala sununkha, suoneka, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Kukazizira thirani madzi otentha m'botolo lolimba, likulungeni m'sokosi, muike kumapazi.

Zotsala ndi zazing'ono: tochi yovala pamutu, machesi, mankhwala othamangitsa udzudzu, mafuta oteteza ku dzuwa, kabokosi ka mankhwala, mapepala akuchimbudzi, matumba a zinyalala, chigubu cha madzi. Udzudzu wa kuno sufalitsa malungo, koma mu Juni ndi Julayi umaluma mopanda chisoni.

Chakudya ndi zimbalangondo

Gawo ili liwerengeni ndi banja lonse. Ku Kananaskis kuli zimbalangondo za mitundu iwiri, zakuda ndi zikuluzikulu zotchedwa grizzly, ndipo zimadutsa m'makampu momwemo. Sizisaka anthu. Zimatsata fungo, ndipo mphuno yake imaposa ya galu kutalitali. Chimbalangondo chikapeza chakudya pamalo a anthu kamodzi chimabweranso, ndipo mapeto ake oyang'anira nyama amachisamutsa kapena kuchipha. Amene wasiya chakudya poyera amalipitsidwa chindapusa, mwinanso kuthamangitsidwa pakampu.

Lamulo lake ndi ili: chilichonse chokhala ndi fungo chikhale m'galimoto yotseka magalasi, kapena m'mabokosi achitsulo amene amaikidwa m'malo ofika wapansi, nthawi iliyonse imene simukuchigwiritsa ntchito. Si usiku wokha ayi. Ngakhale mukungopita kumtsinje kwa mphindi khumi, longedzani. Cooler box si chitetezo. Chimbalangondo chimaitsegula ngati kusewera. Ndipo fungo si la ndiwo zokha: sopo, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola, zitini zopanda kanthu, chakudya cha galu, matewera a mwana, ngakhale sitovu ndi waya wowotchera nyama. M'tenti mulowe zogonera, zovala, tochi ndi madzi basi. Secheni matumba a ana asanagone, maswiti amabisala m'menemo.

Pali zizolowezi zathu ziwiri zimene muyenera kuzisiya kunyumba. Choyamba ndi kuviika poto wa nsima m'madzi kuti nkhoko zifewe n'kudzatsuka m'mawa. Pano ayi. Tsukani usiku womwewo, sefani tizidutswa m'madzi otsukirawo n'kutitaya m'bini yachitsulo ya pakampu, ndipo madziwo katayeni kumene kampuyo yalamula, osati kuseri kwa tenti. Mkute ulowe m'kontena, kontena m'galimoto. Chachiwiri ndi usipa kapena kapenta amene achibale anakubweretserani. Ndikudziwa kukoma kwake ndi nsima yapanja, koma kukazinga nsomba zouma m'nkhalango ya zimbalangondo n'kuziitana ndi belu, ndipo fungo limakakamira m'zovala zimene mukagone nazo. Zisungireni kunyumba.

Nsima yokha phikani, palibe choletsa. Tengani sitovu ya gasi ya mafuwa awiri, poto wolemera, mthiko ndi chipande chanu. Musadalire moto wa nkhuni pophika, pazifukwa zimene ndinene pansipa. Ndiwo zikonzereni kunyumba: nyama kapena nkhuku yophikaphika muiumitse mufiriji, ikagwira ntchito ya ayezi m'cooler box tsiku loyamba n'kudyedwa lachiwiri. Nyemba phikiranitu, chifukwa kumalo okwera madzi amawira asanatenthe kwenikweni, ndipo nyemba zouma zingakutherani gasi yense.

Gulani bear spray, mankhwala opopera othamangitsira chimbalangondo, ndipo onani tsiku lake lothera mphamvu. Ikhale pa lamba kapena pachifuwa, osati pansi pa chikwama. Phunzirani kuchotsa kotsekera kake musanafike kuthengo. Si mankhwala opopera tenti kapena thupi ngati a udzudzu. Mumapopera kumaso kwa chimbalangondo chikayandikira mamita ochepa. Musaisiye m'galimoto yotentha padzuwa, imatha kuphulika.

Poyenda m'tinjira khalani pagulu, ana pakati, ndipo muzilankhula mokweza, makamaka pokhota ndi pafupi ndi madzi osokosera. Apa ndiye pamene phokoso lathu lili ndi phindu. Kuyambira pakati pa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala zimbalangondo zimakhala zitaweramira tizipatso tofiira totchedwa buffaloberry m'mbali mwa njira, ndipo sizimva msanga kuti kukubwera anthu. Mukakumana nacho musathamange. Imani, sonkhanani, nyamulani ana aang'ono, lankhulani modekha, bwererani pang'onopang'ono mukuchiyang'ana, bear spray ili m'manja. Mtunda woyenera ndi mamita 100 kwa chimbalangondo ndi mamita 30 kwa nyama zina zikuluzikulu monga elk ndi moose. Chithunzi cha pa Facebook chisakuyandikizitseni. Galu akhale pachingwe nthawi zonse.

Moto

Nyengo ya moto wolusa ku Alberta imawerengedwa kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Okutobala, ndipo pambuyo pa moto wa 2023 ndi umene unatentha gawo la tauni ya Jasper mu Julayi 2024, palibe amene amaseka nazo. Musananyamuke onani pa albertafirebans.ca. Pali magawo: chenjezo, kuchepetsa, ndi chiletso chenicheni. Pa chiletso chenicheni moto wa nkhuni ndi wa makala suloledwa ngakhale m'kampu, koma sitovu ya gasi imaloledwa. N'chifukwa chake ndati musadalire nkhuni.

Kukakhala kololedwa, kolezani m'chitsulo chimene anaikiratu pamalo anu basi. Nkhuni gulani pakampupo kapena pafupi. Kutola nkhuni zakugwa m'nkhalango n'koletsedwa, ngakhale zitangoti mbwee pafupi ndi tenti, ndipo dzanja lozolowera limayabwa ndithu. Musabweretsenso nkhuni zochokera kunja kwa Alberta, chifukwa zimanyamula tizilombo ndi matenda a mitengo. Pokagona thirani madzi, vundulani phulusa, thiraninso, mpaka mutaika dzanja pafupi osamva kutentha. Mukaona moto m'nkhalango imbani 310-FIRE.

Dzulo lake ndi tsiku lonyamuka

Onani zinthu zinayi: nyengo, utsi, msewu pa 511 Alberta, ndi zidziwitso za kampu yanu pa tsamba la Alberta Parks, pamene amalemba ngati njira ina yatsekedwa chifukwa cha chimbalangondo kapena ngati mpopi wa madzi akumwa sukugwira ntchito. Utsi wa moto wakutali ukachuluka ndipo muli ndi mwana wa mphumu, sinthani tsiku; ndalama yotayikayo ndi yochepa. Jambulani chikalata cha malo anu ndi mapu mufoni kuti zioneke popanda netiweki. Uzani wina wotsala m'tauni kumene mukupita ndi tsiku lobwerera. Thirani mafuta ku Calgary kapena ku Bragg Creek, kupitirira apo musayembekeze kanthu.

Nthawi yolowa pamalo ndi 4 koloko madzulo. Yesetsani kufika isanakwane 6, kuti tenti iime kukuwala ndipo ana adye asanayambe kulira. Polongedza m'galimoto, tenti ndi lona zilowe pomaliza kuti zidzatuluke poyamba.

Muli pakampu

Mangani tenti pamalo okonzedwawo, chitseko chifulatire mphepo, ndipo khomani zikhomo zonse ngakhale kunja kuli bata. Onetsani ana nambala ya malo anu, njira yakuchimbudzi, ndi malire amene sayenera kupitirira okha.

Madzi a mtsinje wa Elbow amaoneka oyera ngati a m'botolo, ndipo ndi omwewo amene amakadzaza damu la Glenmore n'kumwedwa ku Calgary, koma kumeneko amayamba athiridwa mankhwala. Kuthengo angakhale ndi tizilombo ta giardia toyambitsa kutsegula m'mimba kwa masabata. Imwani a pampopi wolembedwa kuti ndi akumwa, kapena wiritsani. Madziwa ndi ochokera ku chipale, amazizira mpaka kuumitsa miyendo, ndipo amathamanga kuposa mmene amaonekera. Ku Elbow Falls khalani kuseri kwa mpanda. Ana aang'ono apititseni ku Forgetmenot, kumene madzi ndi odekha ndipo kuli matebulo. Ofuna kuyenda ayambe ndi Fullerton Loop. Prairie Mountain ndi chikweza chenicheni, isiyireni ulendo wina.

Okonda mbedza, musaponye musanagule laisensi. A zaka 16 mpaka 64 amafunika nambala ya WIN (Wildlife Identification Number) ndi laisensi ya usodzi, zonse zimagulidwa pa intaneti, ndipo mtsinje uliwonse uli ndi malamulo ake a nyengo, nyambo ndi chiwerengero. Nsomba ya bull trout siitengedwa m'chigawo chonse cha Alberta: ngati pa chipsepse chake chakumsana palibe madontho akuda, ibwezereni m'madzi.

Mowa umamwedwa pamalo anu olipira, osati poyendayenda m'kampu. Kuyambira 11 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa ndi nthawi ya bata, ndipo amatsatiradi. Nsalu ya tenti siitchinga mawu, ndiye sipika ija izimitsidwe msanga, ndipo nkhani za ndale zakumudzi zikafika pokoma tsitsani mawu. Anzanu oyandikana nawo apatseni moni. Ambiri ndi ochezeka, ndipo mukasowa hamala kapena machesi ndi omwewo adzakuthandizeni.

Pochoka

Malo muwasiye isanakwane 2 koloko masana. Yambani kumasula dzuwa litaumitsa mame pa tenti. Zinyalala zonse zipite m'bini yachitsulo ndipo onetsetsani kuti chitseko chake chatsekeka, kapena bwererani nazo ku tauni. M'chitsulo cha moto musasiyemo zitini, mafupa kapena mapepala a aluminiyamu okulungira nyama. Yendani pamalo ponse mukuyang'ana pansi, zikhomo ndi tizingwe zimatsalira mu udzu.

Mukafika kunyumba secheni ana ndi galu ngati ali ndi nkhupakupa, makamaka m'tsitsi, kuseri kwa makutu ndi m'khwapa. Zimachuluka kuyambira Epulo mpaka Juni m'malo a udzu oyang'ana dzuwa. Mukaipeza ichotseni ndi kopanira, mukuikoka molunjika pafupi ndi khungu. Tenti ngati munaipinda yonyowa itambasuleni tsiku lomwelo m'galaja kapena pakhonde mpaka iume, apo ayi ichita nkhungu, ndipo ngati ndi yobwereka mudzalipira.